Kubisa mapaipi m'miyala ya thanki ya makorali: yankho kwa achimwene a ku Durban

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene athu ena okhala ku Durban. Akhala akusunga mbuna za ku Nyanja ya Malawi kwa zaka zambiri, ndipo tsopano mtima wawo wagwa pa makorali, zamoyo za m'nyanja zooneka ngati zomera kapena miyala, ndi nsomba za m'madzi amchere. Agula thanki yagalasi ya masentimita 120 m'litali, 50 m'lifupi ndi 50 kuya kwake, yokhala ndi sump, kathanki kena kamene kamakhala m'kabati kunsi, komwe madzi a m'thanki yaikulu amatsikira n'kubwezedwanso m'mwamba ndi pampu. Funso lawo nali: "Sindikufuna kuona paipi ngakhale imodzi. Ndikuganiza zotsitsa paipi yobweza madzi kuchokera mu sump mpaka pansi, itulukire pakati pa mulu wa miyala, kenako ndimate zonse ndi simenti kuti zioneke ngati thanthwe limodzi. Kodi zingatheke?"

Achimwene, kubisa mapaipi n'kotheka, ndipo thanki yotero imakomadi m'maso. Koma pa maganizo anuwo pali zinthu ziwiri zimene ndikukupemphani ndithu kuti musachite: kutsitsa paipi ya sump mpaka pansi, ndiponso kukwirira paipi m'simenti.

Ndiyambe ndi yoopsa kwambiri, chifukwa inu ndi ine tonse tikudziwa kuti magetsi amazima, kaya ku Durban kaya ku Lilongwe. Pampu ya mu sump ikamagwira ntchito imakankhira madzi m'mwamba. Ikangoima, madzi a m'paipi amabwerera kunsi, ndipo pobwererapo amakoka a m'thanki yaikulu, monga zimachitikira munthu akamakoka petulo m'chigubu ndi kapaipi. Madziwo sasiya kutsika mpaka kukamwa kwa paipi kutakhala pamtunda, kutalowa mpweya. Tsono werengani nokha. Thanki yanuyo, sentimita imodzi iliyonse ya kuya kwake ndi malita 6. Kukamwa kwa paipi kukakhala masentimita 30 pansi pa madzi, ndiye kuti malita 180 atsikira mu sump, pomwe thanki yonse ndi ya malita 300. Sump yokwana m'kabati yanu singalandire madzi onsewo. Otsala athira pansi, m'mawaya ndi m'masoketi, makorali a pamwamba n'kutsala pouma, inu muli kuntchito kapena muli mtulo. Ndipo ngati paipiyo yalowera pa bowo la pansi pa thanki osayamba yakwera kupitirira madzi, ndiye zaipiratu, chifukwa madzi amangotsika okha popanda chowaimitsa.

Ena adzakuuzani kuti ikani check valve, valavu yolola madzi kupita mbali imodzi yokha. M'madzi amchere ine sindiikhulupirira. Kankhono kamodzi kapena kamchenga kakakhala pa chotsekera chake, imadontha, ndipo mumadzadziwa tsiku lomwe magetsi azima. Chodalirika n'choti kukamwa kwa paipi yobweza madzi kukhale masentimita 2 kapena 3 okha pansi pa madzi, kuti otsika asapitirire malita 18. Ngati mukufunabe kutsitsako pang'ono, bowolani timabowo tiwiri ta mamilimita 3 kapena 4 pa paipiyo, m'munsi pang'ono mwa pamene pamalekezera madzi, kuti mpweya uzilowa msanga. Tiwiri, chifukwa kamodzi kamatsekeka ndi ndere. Muzitisokosola ndi kamtengo kochotsera za m'mano nthawi iliyonse mukusintha madzi.

Ndikudziwa chimene mukufunira paipi pakati pa miyala: kuti madzi aziyenda m'kati mwa mulumo. Maganizowo ndi abwino, chifukwa pamene madzi aima ndi pamene pamaunjikana zinyalala. Koma imeneyo si ntchito ya pampu ya sump. Mu sump mumangofunika kudutsa madzi okwana kasanu kukula kwa thanki pa ola, kwa inu malita 1,500 kapena chapompo. Makorali amafuna zambiri: kakhumi mpaka ka 20 pa ola kwa ofewa, ndipo olimba a nthambi monga Acropora amafuna kuposa pamenepo. Ka 20 pa thanki yanu ndi malita 6,000 pa ola. Amenewa amachokera kwina.

Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi closed loop: paipi imatenga madzi m'thanki, kudzera pa pampu ya kunja, n'kuwabwezanso m'thanki momwemo osadzera mu sump. Popeza madzi alibe kotulukira, magetsi akazima palibe chimatayika, ndiye kukamwa kwa mapaipi mungakuike pansi penipeni pa miyala mmene mukufunira. Koma imafuna kubowola galasi. Magalasi ena, makamaka a pansi pa mathanki ogula kale, amakhala tempered, kutanthauza olimbitsidwa ndi moto, ndipo amenewo sabowoleka: mukangoyesa, lonse limaphwanyika tizidutswatizidutswa. Funsani amene anapanga thankiyo musanagwire chobowolera. Ngati n'kotheka bowolani galasi lakumbuyo osati lapansi, chifukwa bulkhead ya pansi, cholumikizira paipi pa bowo la galasi, ikadontha imakhuthula thanki yonse. Pa bowo lililonse pakhale valavu yotsekera, ndipo mbali zonse ziwiri za pampu pakhale union, cholumikizira chomasula ndi manja, kuti pampu izichoka popanda kudula paipi. Pokokera madzi pakhale sefa yaikulu, makamaka ngati mudzasunge anemone, chamoyo chofewa cha m'nyanja chooneka ngati duwa, chifukwa imayenda yokha ndipo ikakokedwa ndi pampu imatha kuwononga madzi a thanki yonse.

Yachiwiri ndi timapampu ta wavemaker timene timagwira galasi ndi maginito n'kumayendetsa madzi m'kati mwa thanki. Kunena zoona, pa thanki ya malita 300 ine ndingasankhe imeneyi. Tiwiri, kamodzi mbali iyi kena mbali inayo, ndipo miyala muyiike mwanzeru kuti munthu woima kutsogolo asatione. Palibe kubowola, palibe chodontha, ndipo kutichotsa kuti mutitsuke ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Tibwere ku simenti. Inu mwazolowera madzi a mbuna, mmene paipi imatha zaka osafuna kuigwira. Madzi a makorali ndi ena. Ali ndi calcium wambiri, ndipo zamoyo zimamera paliponse, ngakhale mumdima. Mukatsegula paipi imene yagwira ntchito chaka chimodzi kapena ziwiri mupeza m'kati mwake muli khakhakha: timachubu toyera ta nyongolotsi topindikapindika, siponji wofewa, tinkhono ta vermetid tomata zigoba zake pakhoma, ndi laimu wouma gwa pa zolumikizira. Njira ya madzi imachepa pang'onopang'ono osaonekera. Mankhwala ake ndi osavuta: kuchotsa paipiyo, kuiviika mu viniga kapena citric acid usiku umodzi, kuikwecha ndi kaburashi kotsukira mabotolo, kuitsukuluza bwino n'kuibwezera. Nanga ikakhala m'simenti? Muyenera kuswa mwala umene makorali anu akhala akumerapo zaka ziwiri. Zimandipweteka mtima kuona thanki yokhwima bwino ikuphwasulidwa chifukwa cha kachidutswa ka paipi kosafika dzanja. Onjezerani apo kuti simenti yomangira nyumba imakweza kwambiri pH, muyeso wosonyeza ngati madzi ali a asidi kapena ayi, ndipo chilichonse chopangidwa nayo chimafunika kukhala m'madzi opanda mchere masabata angapo, mukumasintha madziwo, chisanalowe m'thanki.

Ndiye mangani chotere. Tengani katoni, jambulanipo kukula kwa pansi pa thanki ndi pamene pali mabowo, muimike mapaipi anu osamata, kenako muziyesa miyala mowazungulira muli phee pansi. Gulani miyala youma ya aragonite, mtundu wa mwala wa laimu, ya m'masitolo a nsomba. Ndi yopepuka, ya mabowomabowo, ndipo sivuta kubowola. Miyala yolemera imene munkaunjikira mbuna isiyeni kwa mbunazo. Musakatolenso ya kugombe, chifukwa ku South Africa kutenga zamoyo za m'nyanja kumayendera chilolezo pansi pa Marine Living Resources Act ya 1998. Pobowola gwiritsani ntchito nsonga yobowolera khoma, mwala uli wonyowa, makina osawaika pomenya, ndipo valani magalasi oteteza maso. Miyala muilumikize yokhayokha ndi timitengo ta acrylic kapena fiberglass ta mamilimita 10, n'kulimbitsa ndi epoxy wa m'madzi, guluu wolimba kwambiri. Chipilala chanu chizungulire paipi mbali zitatu, kumbuyo kukhale kotsegula. Pamwamba pa cholumikizira chilichonse pakhale mwala umodzi wongosanjika, wosamata, umene mungaunyamule ndi dzanja limodzi, ndipo pa mwala umenewo musadzamatepo korali wa nthambi amene angadzagwirane ndi mnzake. Ngati paipi iyenera kudutsa m'kati mwa mwala, bowo likhale lalikulupo: paipi ya mamilimita 25, bowo la 32 kapena kuposa.

Zolumikizira za kunja kwa thanki zimateni ndi guluu wa PVC, muzisiye tsiku lathunthu kuti ziume. Za m'kati mwa madzi ingolowetsani mothina, osamata, chifukwa zikadontha zikudonthera m'thanki momwemo.

Kachigawo ka paipi kamene kakuonekerabe kasakudetseni nkhawa. Gulani PVC yakuda kapena yotuwa m'malo mwa yoyera, pentani kunja kwa galasi lakumbuyo ndi penti wakuda, theka la vuto latha. Kotsalako kakwecheni ndi sandipepala, pakani epoxy kapena super glue wa gel, mukagubuduze mu mchenga wa aragonite ndi tizidutswa ta mwala. Pakapita miyezi ndere yolimba yapepo ija ya coralline imakuta zonse. Ena amamatapo makorali ofewa otchedwa green star polyps kuti aphimbe msanga. Amaphimbadi, koma safunsa malire, amafalikira mpaka pa miyala ina n'kupha anzawo, ndiye ine sindingawaike pa chinthu chokhudzana ndi mulu waukulu.

Zina ndi zazifupi. Chitsulo chisayandikire madzi: mkuwa umapha makorali ndi nkhanu zazing'ono, mavalavu a brass ali ndi mkuwa, ndipo zomangira paipi zachitsulo zimachita dzimbiri, choncho zonse zikhale zapulasitiki. Mwala usatsamire paipi kapena bulkhead. Miyala ikhale pagalasi lenileni mchenga usanathiridwe, chifukwa nsomba za goby zimakumba kunsi ndipo mulu wokhala pa mchenga umagwa. Pakati pa miyala ndi galasi lakumbuyo siyani mpata wolowa dzanja lanu.

Musanagule mchere, dzazani zonse ndi madzi a pampopi, muyatse mapampu, zigwire ntchito masiku awiri kapena atatu mukuyang'ana cholumikizira chilichonse ndi kapepala kouma. Kenako zimitsani magetsi dala. Imani pomwepo muone pamene madzi a mu sump alekezera. Yatsaninso, mutseke timabowo ta mpweya tija ndi tepi, muzimitsenso, dzanja lili pa valavu, kuti mudziwe ngati sump ingapirire tsiku limene tidzatsekeke. Ikasefukira, kwezani kukamwa kwa paipi. Ikapirira, lembani mzere pagalasi la sump pamene madzi amakhala pampu ikuyenda, ndipo pothira madzi musamapitirire mzerewo. Madzi akadali momwemo, pisani dzanja, chotsani paipi iliyonse yobisika n'kuibwezeranso. Imene yakana kutuluka, sunthani miyala yake tsopano, makorali asanabwere.