Musanasaine ndi ma consultor aja, mayi

Kalata yanu yandidzutsira mkwiyo wakale. Mwati kampani ina ya ma consultor (alangizi olipidwa) ya ku Maputo yafika ku bungwe lanu la alimi a mbatata ku Tsangano, yaunika bungwe ulere, ndiye tsopano ikutchula ndalama zochuluka kuti isinthe kayendetsedwe kanu konse. Mukufuna kudziwa ngati mtengowo uli woyenera.

Ine ndinagwirapo ntchito yomasulira Chipwitikizi kwa anthu otere ku Ulongué. Woyamba kufika anali bambo waimvi, wa pakamwa pokoma, amene anakhala pamphasa ndi akomiti n'kudya nawo nsima. Kontrakiti itasainidwa sitinamuonenso. Kunabwera anyamata awiri ongomaliza kumene yunivesite, akhama ndithu, koma osadziwa kuti mu Disembala mlimi sungamupeze pamsonkhano, ali kumunda akupalira. Chikhalirecho mtengo wa tsiku wolembedwa papepala unali wa mkulu uja. Makampani ambiri phindu lawo lili pamenepo: wamkulu amagulitsa, aang'ono amagwira ntchito, ndalama yapakatiyo imatsala ku ofesi. Kuunika kwaulere nakonso ndi malonda. Ali ngati sing'anga amene matenda onse omwe amakupezani nawo ndi okhawo amene mankhwala ake ali kale m'thumba mwake.

Misonkhano inachitika, anthu analandira ya chakudya ndi ya mayendedwe, makoma anadzaza mapepala olembedwa ndi zolembera zamitundu. Lipoti linatuluka lonenepa, m'Chipwitikizi, muli chithunzi chatsopano cha maudindo. Koma chimene chinkadya bungwelo chinali chodziwika kwa mwana aliyense pamudzi: wapampando ndi msungichuma anali pachibale, ndipo buku la ndalama linkagona kunyumba kwawo. Ndani akanayankhula zimenezo pamaso pa alendo, mwini wake ali pomwepo? Amayi ankazinena potuluka, panjira yopita kuchigayo. M'lipoti munalibe ngakhale mzere umodzi wa nkhaniyo, ndipo zimandiwawabe chifukwa alimi ena anachoka m'bungwemo atataya ndalama za mbewu.

Ife a ku Tete tisamanjenjemere munthu chifukwa wabwera ndi kompyuta. Mu 2011 kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto inagula kampani ya Riversdale pamodzi ndi mgodi wa malasha wa Benga pa ndalama zoyandikira madola 4 biliyoni. Ankawerengera zotsitsa malasha pa mtsinje wa Zambezi, boma linakana, njanji ya Sena nayo sikanatha kunyamula onse. Mu 2014 anagulitsa mgodiwo kwa kampani ya ICVL ya ku India pa madola 50 miliyoni okha. Kodi kumeneko kunalibe akatswiri owerengera? Analipo odzaza maofesi.

Sindikunena kuti onse ndi achabe, alipo amene ndimawalemekeza. Koma ndikunenetsa kuti munthu amene sakhala nanu kuyambira kugula feteleza mpaka kugawana ndalama za mbatata sangasinthe bungwe lanu. Angalembe za bungwe lanu basi.

Tsono za mtengo

Ndalama yonse pamodzi sikuuzani kanthu. Auzeni aiphwanye: masiku angati, a yani, tsiku limodzi meticais zingati, masiku angati adzagona ku Tsangano osati ku Maputo. Galimoto ndi malo ogona zilembedwe padera, ndipo mufunse ngati msonkho wa IVA wa 16% ulimo kale. Maina a anthu odzagwira ntchito alowe m'kontrakiti, asasinthidwe inu osavomera. Funsaninso mitengo kwa ena awiri, ngakhale a mu mzinda wa Tete momwemu. Lipirani m'magawo, ndipo gawo lomaliza likhale lalikulu, lodikira mpaka mutagulitsa zokolola ndipo buku la ndalama lawerengedwa m'Chichewa pamsonkhano wa mamembala onse. Akakana mfundo yomalizayi, mayi, musasaine.