Chimbudzi cha m'boti chikununkha ndipo pampu yalimba: muyambire pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Monkey Bay amene wangolembedwa ntchito yosamalira boti lonyamula alendo, lomwe limapita nawo ku Cape Maclear ndi kuzilumba, nthawi zina mpaka kugona konko. Iwo alemba motere: "M'botimo muli chimbudzi chopopa ndi dzanja cha mtundu wa Jabsco, ndi thanki yake. Chogwirira chalimba moti ndimachita kutsamira ndi thupi lonse. Ndikapopa n'kusiya mbale youma, pakatha ola ndimapeza madzi akuda abwereramo. Fungo ndiye losakamba, chonsecho ndimathira Jik tsiku ndi tsiku. Abwana akuti tigule china. Kodi chatha ntchito?"

Bambo, auzeni abwanawo asunge kaye ndalama zawo. Zambiri mwa zomwe mwatchulazi zimachokera ku timipira tingapo totha kukwana m'dzanja limodzi, komanso ku mmene anthu akupopera. Ndipo Jikiyo musiye lero lomwe, chifukwa chake ndifotokoza.

Choyamba muchidziwe chimbudzicho. Cha m'nyumba chimadalira madzi ogwa kuchokera pamwamba. Cha m'boti chilibe mwayi umenewo, zonse zimayenda ndi mkono wanu. Pansi pa boti pali mabowo awiri, lililonse ndi mpopi wake wotsekera umene amalinyero amautcha seacock. Waung'ono, wa paipi ya mamilimita 19, umalowetsa madzi a m'nyanja. Waukulu, wa paipi ya mamilimita 38, ndi wotulutsira zonyansa. Pakati pali pampu yokhala ndi pisitoni imodzi yogwira ntchito ziwiri: mbali yam'mwamba imakoka madzi oyera n'kuwathira m'mbale, mbali yam'munsi imayamwa zam'mbale n'kuzikankhira m'paipi yaikulu. Kachitsulo kapena kapulasitiki kotembenuza kali pamwamba pa pampu ndi kosankhira: mbali imodzi madzi alowe, mbali inayo mbale iume.

Kapopedwe koyenera ndi aka. Tsegulani mipopi. Ikani kotembenuzako ku mbali yamadzi, popani kangapo kuti mbale inyowe musanakhalepo, apo ayi zinthu zimamatirira. Mukatha, popani uku madzi akulowa mpaka mbale iyere, ndiye pitirizani. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa maso akaona mbale yoyera mkono umaima. Koma zonyansazo sizinapite kutali, zangobisala m'paipi. Paipi ya mamilimita 38 imasunga madzi opitirira pang'ono lita imodzi pa mita iliyonse, kotero ya mamita atatu imasunga pafupifupi malita atatu ndi theka. Opanga chimbudzichi amalangiza kupopa kasanu ndi kawiri pa mita iliyonse ya paipi yotulutsa, kukweza ndi kutsitsa n'kukhala kamodzi. Tengani tepi muyeze paipi yanu kuyambira pa pampu mpaka pa thanki yosungira zonyansa. Ikakhala mamita atatu, ndiye ka 21. Lembani nambalayo ndi zilembo zikuluzikulu pakhoma, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, poti alendo sangaiganize okha. Mukatero tembenuzirani ku mbali youma, popani mpaka madzi athere, kankhirani chogwirira pansi. Ngati chanu ndi cha mtundu wa Twist 'n' Lock, chipotozeni chikhome, chifukwa chikakhoma chimapanikiza valavu yam'munsi mwa pampu, kuti madzi asabwerere m'mbale.

Mbale izikhala youma nthawi zonse boti likamayenda. Mwera ukawomba, madzi otsala m'mbale amathera pansi.

Tsopano madzi akuda obwererawo. Pamene paipi yaikulu ikulumikizana ndi pampu pali chigongono chomangidwa ndi masikuluwu awiri. M'kati mwake muli kampira kooneka ngati kachipewa, kokhala ndi milomo yotsekana kunsonga, dzina lake joker valve. Pampu ikakankha, milomoyo imatseguka. Ikasiya, imatsekana kuti zomwe zadutsa zisabwerere. Kampiraka kakakalamba, milomo imasiya kugwirana, kapena pamakhala kanthu kopingasa, tsitsi kapena ulusi. Ndiye zonse zimene zatsala m'paipi yokwera zimatsetsereka pang'onopang'ono kubwerera m'mbale. Mwaona tsopano kuti mavuto awiriwa ndi apachibale: mukapopa mokwanira, ngakhale valavu itatopa, obwerera amakhala madzi oyera.

Kusintha kampiraka ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma konzekerani. Popani madzi oyera ambiri kaye, kenako muumitse. Tsekani mipopi yonse iwiri, ndipo mutsimikize ndi dzanja kuti yatsekekadi. Valani magolovesi, yalani sanza, ikani kabeseni pansi pa chigongono chifukwa zotsala m'paipi zitsikira pomwepo. Masulani masikuluwu awiri aja, solorani kampirako, kachapeni n'kukayang'anitsa kudzuwa. Kuwala kukamaonekera pakati pa milomo, katha. Katsopano kalowe milomo italoza kupaipi, kutali ndi pampu. Mukakalozetsa chambuyo pampu siyenda n'komwe. Pomanga, sinthanitsani masikuluwuwo pang'onopang'ono, uyu pang'ono, uyo pang'ono, kuti chigongono chikhale molingana. Pa boti la alendo ngati lanuli, musinthe kampiraka chaka chilichonse osadikira kuti kavute.

Za kulimba kwa chogwirira, lamulo ndi limodzi: chikalimba, musachikakamize. Pampuyi ndi yapulasitiki, ndipo munthu wamkulu akaitsamira, china chake chimasweka kapena paipi imavuka pa kilampu, zomwe zili m'katimo n'kumwazikira m'chipinda chonse. Imani, mumvetsere kuti kwalimba bwanji. Ngati chikulimba pokweza ndi potsitsa pomwe, uku chikulira kwii kwii, ndiye kuti mpira wozungulira pisitoni wauma. Chithandizo chachangu ndi supuni imodzi kapena ziwiri za mafuta ophikira m'mbale youma, n'kupopa pang'onopang'ono. Amafewetsa, koma amakokoloka m'masiku ochepa. Chokhalitsa ndi kuchotsa pisitoni, kupukuta m'kati mwa silinda, n'kupakamo girizi wa silikoni. Oilo wa injini, dizilo ndi palafini ayi, zimawononga mipira.

Ngati chikukwera bwino koma potsitsa chikukana, mwinanso n'kudzikankha chokha kubwerera m'mwamba, njira yotulukira yatsekeka. Yambani ndi zosavuta. Kodi mpopi waukulu ndi wotsegula? Kodi valavu yosankha pakati pa thanki ndi nyanja, ija ya mphanda ngati chilembo Y, yafika kumapeto kapena yaima pakati? Kodi thanki yadzaza? Zonsezi zikakhala bwino, siyani chimbudzicho ola limodzi; tishu wochuluka amafewa yekha n'kudutsa. Chikakanabe, masulani chigongono chija, koma pang'onopang'ono, mutaphimba ndi sanza, nkhope mutaibweza, chifukwa m'paipimo mumakhala mphamvu ya zonse munapopa zija. Musalowetse waya kudzera m'mbale, mungaboole mavalavu, ndipo soda wotsegulira mapaipi a m'nyumba asayandikire.

Chimene mupeze pamenepo nthawi zambiri ndi tinsalu tonyowa topukutira ana, padi, kondomu kapena thonje. Pampu yamanja sidula kanthu. M'chimbudzi cha boti mumalowa zochokera m'thupi ndi tishu wochepa basi. Ikani kabini ka zinyalala kokhala ndi chivundikiro pambali pake, ndipo alendo muwauze pamaso asanakwere, osachita manyazi. Manyazi enieni ndi kumasula pampu iwo akudya chamasana. Tishu mungamuyese nokha: ponyani kachidutswa m'botolo la madzi, gwedezani kangapo. Akasungunuka n'kukhala ngati phala, ndi woyenera. Akatsala wathunthu, apite m'bini.

Pali kutsekeka kwina kobwera mwakachetechete. Mkodzo ukamagona m'paipi umasiya mchere wolimba ngati mwala m'mbali mwake, ndipo njira imachepa chaka ndi chaka. M'nyanja zamchere vutoli limakula msanga; m'nyanja yathu ya madzi opanda mchere limachedwa, koma limabwerabe ngati anthu akupopa moperewera. Kamodzi pa mwezi thirani kapu imodzi ya viniga woyera m'mbale youma, popani kawiri kapena katatu kuti alowe m'pampu ndi m'paipi, dikirani osapitirira ola, tsukani ndi madzi ambiri. Musamusiye usiku wonse, amafufumitsa mipira. Ndipo viniga asakumane ndi Jik, zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa klorini woopsa m'kachipinda kopanda mawindo. Paipi imene yakula kale mwala ivuleni, muimenyetse pathanthwe mwalawo ugweremo, kapena mungogula ina.

Fungo lili ndi magwero angapo, ndipo Jik sathetsa ngakhale limodzi. Amaumitsa mipira, joker valve n'kufa msanga, komanso amapha tizilombo tabwino ta m'thanki. Sopo wamba wotsukira mbale ndi burashi n'zokwanira pa mbale ya chimbudzi.

Ngati fungo la mazira ovunda limabwera pa kupopa koyamba boti likakhala masiku angapo osayenda, kenako n'kutha, gwero lake ndi madzi ogona m'paipi yolowetsa, momwe ndere ndi tizamoyo tina tafera. Musanachoke m'boti, tsekani mpopi waung'ono, thirani ndowa ya madzi apampopi m'mbale n'kuwapopa kuti paipi yotulutsa itsale ndi madzi oyera. Pobwera, popani madzi atsopano alendo asanafike. Ngati fungo ndi losatha, yesani mapaipi. Viikani nsalu m'madzi otentha, ifinyeni, ikulungeni pa paipi pamalo otsika kwambiri, dikirani izizire, mupite nayo panja mukainunkhize. Nsalu ikanunkha, fungo lalowerera mu pulasitiki ya paipiyo ndipo palibe mankhwala ochotsa. Yofunika ndi paipi yatsopano yopangidwira zimbudzi, osati ya m'dimba. Poiika, viikani nsonga yake m'madzi otentha kuti ifewe, ipendekere kuthanki popanda pokhota posunga madzi, ndipo pa malumikizidwe onse a pansi pa mzere wa madzi, pamene nyanja imalekezera m'mbali mwa boti, mumange makilampu awiriawiri achitsulo chosachita dzimbiri.

Ndiye pali thanki. Pamwamba pake pamachoka kapaipi kopumira kotulukira m'mbali mwa boti. Mpweya ukamalowa bwino, tizilombo togaya zonyansa timagwira ntchito popanda fungo lalikulu. Ukasowa, timachuluka tina totulutsa mpweya uja wa mazira ovunda. Kuno kwathu kabowo kameneka kamakondedwa ndi mavu omanga ndi dothi komanso akangaude, ndipo thanki ikadzaza mopitirira, zonyansa zimakwera m'kapaipiko n'kuumiramo. Kakatsekeka, pampu imalimba, thanki imafufuma popopa, ndipo poikhuthula ndi makina imatha kuphwafuka. Kayang'aneni sabata iliyonse. Mukakhuthula thanki, thiranimo madzi oyera, boti liwagwedeze, mukhuthulenso.

Kokhuthulirako ndi nkhani imene sindingaidumphe. Kumene mumaimika boti ndi komwe anthu a m'mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear, amatunga madzi, kuchapa ndi kusambitsa ana, ndipo malowa ali m'dera la Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Mazira a likodzo amatuluka ndi mkodzo wa wodwala, amaswa m'madzi, amalowa m'nkhono, kenako tizilombo totuluka m'nkhonomo timaboola khungu la wosamba. Kolera yomwe inayamba mu 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Valavu ya Y izikhala yolozetsa kuthanki, chogwirira chake chitamangidwa ndi waya kuti mlendo asachitembenuze. Zam'thanki zipite kumtunda, ku thanki ya zonyansa ya pamalo ogona alendo mutagwirizana ndi eni ake, kapena ku chimbudzi chokumba chotalikirana ndi gombe, ngakhale kutakhala kunyamula m'zigubu za malita 20 zotsekeka bwino. Kuti mudziwe kuti thanki ikwana masiku angati, lozetsani paipi m'ndowa tsiku lina, popani madzi oyera nambala yanu ija, muyeze malita ake, muchulukitse ndi maulendo a anthu onse pa tsiku.

Chomaliza ndi chimene chimamiza maboti. Ngati mkombero wa mbale uli pansi pa mzere wa madzi a kunja, nyanja imatha kudzikoka yokha kudzera m'paipi, monga mmene petulo amayendera m'kapaipi mukamuyamwa m'chigubu, mbale n'kusefukira usiku wonse. Choletsa ndi paipi yokhota ngati uta, yokwera masentimita osachepera 20 pamwamba pa mzere wa madzi ngakhale boti litapendekeka, yokhala ndi kavalavu kolowetsa mpweya pansonga. Ku mbali yolowetsa madzi, utawu umakhala pakati pa pampu ndi mbale. Mukauika pakati pa mpopi ndi pampu, pampu imangoyamwa mpweya. Kavalavuko kachotseni mukatsuke m'madzi ofunda kangapo pa chaka. Ngakhale zili choncho, mipopi yonse itsekedwe usiku ndi nthawi iliyonse mukuchoka m'boti, ndipo muziitsegula n'kuitseka mwezi uliwonse kuti isagwire.

Abwanawo muwapemphe paketi ya zosinthira, ija imakhala ndi joker valve, valavu yam'munsi, yam'mwamba ndi mipira ya pisitoni. Mapaketiwa amasiyana malinga ndi zaka zimene pampu inapangidwa, choncho jambulani pampu yanu ndi nambala yake pa foni musanaitanitse, makamaka ngati mukutuma munthu wochokera ku South Africa. Itanitsani awiri, imodzi izikhala m'boti. Pomanganso chivundikiro cha pamwamba, chomwe chili ndi masikuluwu asanu ndi limodzi olowa mu pulasitiki, yambani mwapotoza sikuluwu chambuyo mpaka mumve kuti yagwera m'mzere wake wakale, kenako mumange ndi zala ziwiri pa sikuludiraiva mpaka ingogwira.