Idun ndi maapozi oletsa ukalamba

Achemwali, mwafunsa kuti mayi wanyamula maapozi pa chithunzi mwaikacho ndi ndani. Ameneyo ndi Idun, mkazi wa Bragi, mulungu wa ndakatulo m'nthano zakale za ku Scandinavia. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti milungu ya anthu amenewa inkakalamba ngati ife tomwe. Imvi zikayamba kutuluka, inkathamangira kwa Idun kukadya maapozi amene ankasunga m'kabokosi kake, unyamata n'kubwerera.

Ndiye panali Loki, kamberembere wa milunguyo. Tsiku lina ali pa ulendo ndi milungu inzake, Odin ndi Hoenir, anapha ng'ombe, koma nyama inakana kupsa. Chiwombankhanga chimene chinali mumtengo chinati nyamayo ipsa akachigawirako. Chitasankha nthuli zabwino zokhazokha, Loki anachikwapula ndi ndodo, ndodoyo n'kukanirira pa mbalameyo, manja ake n'kukanirira pa ndodo. Chinauluka naye, kumukhukhuza pa miyala ndi mitengo. Osadziwa kuti chinali chimphona chotchedwa Thjazi. Kuti chimusiye, Loki analonjeza kuchibweretsera Idun.

Ndipo anachitadi. Anamunamiza mayiyo kuti kunkhalango waona maapozi okongola, atengeko ake akayerekeze. Atangotuluka mu Asgard, mudzi wa milunguyo, Thjazi anamukwatula kupita naye kwawo ku Thrymheim.

Apa m'pamene nthanoyi imakoma. Tangoganizani milungu yoopsa ija, imvi mbuu! Inamugwira Loki n'kumuopseza kuti imupha. Iye anabwereka nthenga za kabawi kwa mulungu wamkazi Freyja, anauluka n'kukapeza Idun ali yekha, chimphonacho chitapita kunyanja ndi bwato lake. Anamusandutsa Idun kamtedza, n'kuthawa nako m'zikhadabo. Thjazi anawalondola ali chiwombankhanga, koma milungu inasonkha moto pafupi ndi linga la Asgard, nthenga zake zinapsa, ndipo anaphedwera pomwepo.

Zambiri mwa izi tikuzidziwa chifukwa cha Snorri Sturluson wa ku Iceland, amene anazilemba cha m'ma 1220, dziko lake litalandira kale Chikhristu. Ndakatulo yakale kuposa apo, ya Haustlöng, imasimba za kubedwa kwake koma sitchula maapozi, imangoti Idun ankadziwa mankhwala a ukalamba wa milungu. Komabe chipatsochi sichinali chachilendo kumeneko: m'manda a mu ngalawa a ku Oseberg ku Norway, mmene anaikamo amayi awiri mu 834, anapezamo maapozi a kutchire.