Kodi moto wa ku Mbare unali chilango changa?

Imelo iyi yachokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, dzina sinditchula. Akuti katundu wawo yense anapsa pa moto uja wa pa msika wa Mbare Musika ku Harare mu Okutobala 2024, mpaka lero bizinesi siinadzuke, ndiye mneneri wina wawauza kuti ndi chiweruzo cha Mulungu chifukwa anasiya chakhumi, akufunika "kubzala mbewu" ya $100 kuti mkwiyo uchoke. Kumapeto kwenikweni awonjezera kuti anadya ndalama za chipereganyu za alamu awo ndipo sakugona nazo tulo. Funso lawo: kodi Mulungu akundilanga?

Mayi, pepani kwambiri, kuona mpamba wonse ukusanduka phulusa si zocheza.

Koma taganizani, usiku umenewu anapsa matebulo angati? Munali anthu opereka chakhumi mwezi ndi mwezi osaphonya, munali amayi a chigwirizano, munali abale athu achisilamu, munalinso ena oti kutchalitchi anapondako tsiku la ubatizo basi. Ndiye tinene kuti Mulungu anawotcha msika wonse pofuna inu nokha? Nkhani ngati iyi Yesu anaiyankha kale pa Luka 13. Anthu anamuuza za Agalileya amene Pilato anawapha akupereka nsembe, iye n'kutchulanso anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo konseku anakana kuti omwalirawo anali ochimwa kuposa anzawo. Pa Yohane 9 chimodzimodzi, ophunzira akufuna kudziwa ngati munthu wobadwa wakhungu uja anachimwa ndi iye kapena makolo ake, Yesu akuti ayi, nonse mwaphonya. Anzake a Yobu nawonso anakakamira zoti pali tchimo limene akubisa, mapeto ake Mulungu anakwiyira iwowo.

Ife a mu Harare izi tikuyenera kuzidziwa kuposa wina aliyense. Kolera ya 2008 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ku Budiriro kunali maliro okhaokha, ndipo chinayambitsa ndi madzi oipa ndi mapaipi a zimbudzi ophulika, osati kuti ku Borrowdale, dera la anthu olemera, kumakhala oyera mtima.

Tsono musathamangire kunena kuti basi chiweruzo kulibe, chilipo ndithu. Pa Luka 13 pomwepo Yesu atangoti ayi, anapitiriza kuti nanunso mukapanda kulapa mudzawonongeka, ndipo mawuwa ankauza amoyo amene ankaonerera tsoka la anzawo aja. Paulo pa 2 Akorinto 5:10 akuti tonse tidzaonekera ku mpando woweruzira wa Khristu, aliyense ndi zimene anachita, mneneri wanuyo ali momwemo. Chimene ine ndimakana ndi choti munthu aziloza vuto lililonse n'kumati ili ndi la tchimo lakuti lakuti, kenako n'kutchula mtengo wake. Simoni wa ku Samariya anayesapo kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, mukawerenge Machitidwe 8 mumve mmene Petro anamukalipira.

Chinandigwira mtima mu imelo yanu ndi mzere womaliza uja, wa ndalama za alamu anu. Mneneri za ndalamazi sakuzidziwa n'komwe, koma ndi zomwe zikukusowetsani tulo, ndipo ine ndikuona kuti apa ndi pamene Mulungu akukuyankhulani. Kulapa kwa m'Baibulo kumaoneka ndi maso. Zakeyu sanangolira, analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera. Anthu atafunsa Yohane Mbatizi kuti nanga tichite chiyani, anawauza zinthu zogwirika, wa malaya awiri agawireko wopanda, okhometsa msonkho asawonjezere pa zomwe analamulidwa, asilikali asiye kulanda za anthu akhutire ndi malipiro awo. Palibe amene anauzidwa kuti abweretse envulopu.

Komanso mukawerenga mopitirira pang'ono Luka 13 yomweyo mupeza mkuyu wosabala zaka 3, mwini munda akuti udulidwe, wantchito akupempha chaka china kuti aukumbire ndi kuthira manyowa. Mudakali moyo, mpata ulipo, ndipo Aroma 2:4 akuti chimene chimatikokera ku kulapa ndi kukoma mtima kwa Mulungu. Mpatawo si wamuyaya, zoona, koma simukuyenera kuugula.

Ndiye ngati $100 imeneyo mwaipeza, kwerani kombi mupite nayo kwa alamu anu, osati pa WhatsApp ayi, maso ndi maso. Muwauze chilungamo chake popanda kunamizira moto, mugwirizane kuti yotsalayo muzibweza bwanji ngakhale $10 pamwezi. Mukaona kuti nokha zikuvutani tengani mkulu wa mpingo kapena ankhoswa akuperekezeni. Akhoza kukulalatirani, konzekerani, ndalamazo n'zawo. Za chakhumi mudzakambirane ndi abusa anu modekha bizinesi ikayambanso kuyenda.