Kwa mphwanga wa ku Santhe amene Chemistry yamuvuta

Mphwanga, uthenga wako ndawuwerenga. Ukuti uli Fomu 4, mayeso a MANEB ali pakhomo, ma equation umaloweza usiku koma kukacha zonse zimakhala zabalalika, ndipo ukufunsa ngati ugulitse nkhuku zako kuti uzikaphunzira patitaimu ku Kasungu boma. Nkhukuzo zisiye kaye ziziyikira. Phunziroli ndinaphunzitsapo pa sukulu yoyendera yopanda labu, ndipo nthenda yako ndikuidziwa: ukuloweza zinthu zofunika kuziwerengera.

Yamba ndi valency, kutanthauza chiwerengero cha manja amene atomu imagwirira nawo ma atomu ena. Sodium ndi chlorine ali ndi 1, calcium ndi oxygen 2, aluminium 3, carbon 4. Magulu nawo: nitrate, hydroxide ndi ammonium 1, sulphate ndi carbonate 2. Lemba papepala, umate pachitseko. Izi zokha ndiye uloweze, chifukwa mafomula ambiri amachokera pamenepa. Aluminium oxide ndi Al2O3 poti manambala awiriwo angosinthana malo, basi.

Kenako pita pakhonde ukayang'ane thumba la urea. Fomula yake ndi CO(NH2)2. Phatikiza kulemera kwa ma atomu ake (relative atomic mass): carbon 12, oxygen 16, ma nitrogen awiri 28, ma hydrogen anayi 4, zonse pamodzi 60. Gawa 28 ndi 60, uchulukitse ndi 100, upeza 46 ndi kanyenyeswa. Ndi 46 yomwe ija yalembedwa pathumbapo. Ndiye kuti m'thumba la makilogalamu 50 lomwe bambo amalivutikira lija, nitrogen ndi makilogalamu 23. Ana anga a sukulu akaona zimenezi ankatulutsa maso, ndipo funso la percentage composition sankaliphonyanso.

Za mitundu ya ma reaction, labu yako ndi khitchini ya mayi. Finyira ndimu pa soda wophikira chigumu, uona thovu: asidi wakumana ndi hydrogencarbonate, mpweya wotulukawo ndi carbon dioxide. Chidulo cha phulusa chophikira therere ndi alkali, ukachithira asidi mphamvu zimathetsana, ndiye neutralisation imeneyo. Makala pa mbaula ndi combustion, C + O2 → CO2, koma mpweya ukachepa pamatuluka carbon monoxide, wakupha uja, n'chifukwa chake mbaula sitigona nayo m'nyumba yotseka ngakhale June azizire bwanji. Dzimbiri la pa khasu ndi oxidation, ndipo limafuna madzi ndi mpweya zonse ziwiri. Mwala wa laimu ukawotchedwa umagawika, CaCO3 → CaO + CO2, decomposition. Nthawi zonse uzidzifunsa kuti apa zaphatikizana, zagawikana kapena zasinthana?

Tsono pomwe wati pakukupweteka mutu, pa organic. Ganiza za minibasi ya pa msewu wa M1. Alkane, ya fomula CnH2n+2, ndi minibasi yodzaza thothotho: carbon aliyense manja ake anayi agwira kale. Kuti wina akwere, wina atsike. Imeneyo ndi substitution. Alkene, CnH2n, ili ndi double bond, ngati mpando wopinda uja kondakitala amafunyulula, wina amakwera popanda wotsika. Imeneyo ndi addition. Ndiye chifukwa chake bromine water ukaithira mu alkene mtundu wake wofiirira umatha pompo, pomwe mu alkane umangokhala. Funso limeneli ulidziwe ngati dzina lako.

Chitsanzo cha substitution ndi methane akakumana ndi chlorine: CH4 + Cl2 → CH3Cl + HCl. Mumdima palibe chimachitika. Kuwala kwa dzuwa, ultraviolet, ndi kumene kumadula Cl2 pakati, atomu iliyonse n'kutenga elekitironi imodzi yopanda inzake. Tizidutswa totere timatchedwa ma free radical, ndipo ndi tolusa ngati galu wanjala. Gawo limeneli ndi initiation. Chlorine wolusayo amalanda hydrogen ku methane, pamapangika HCl, n'kutsala CH3 amene naye tsopano walusa. CH3 uja amakalanda chlorine mmodzi ku Cl2 wina, pamapangika CH3Cl, n'kumasukanso chlorine wina wolusa woti akayambitsenso ndewu. Ndiyo propagation, imangopatsirana ngati moto wolusa wa mu September. Zimatha olusa awiri akakumana n'kugwirana, termination, ndipo CH3 awiri akakumana pamapezeka ethane pang'ono, C2H6, yemwe sunamuitane. Chlorine akachuluka, ma hydrogen otsalawo amatsitsidwanso mmodzimmodzi: CH2Cl2, CHCl3 yomwe ndi chloroform, mpaka CCl4. Chonde, pamwamba pa muvi uzilemba UV light. Ndachongapo mapepala ambiri a ana odziwa bwino amene anataya malikisi pa kuiwala timawu tiwiri timeneti, zimandiwawa mpaka lero.

SN1 ndi SN2, mitundu ina iwiri ya substitution, zomwe waziona m'buku la msuweni wako wa ku Bunda zija ndi za ku koleji, zisakusowetse tulo. Koma poti wafunsa: mu SN2, hydroxide amabwera chakumbuyo kwa carbon nthawi yomweyo bromine akuchoka kutsogolo, wokwera ndi wotsika kamodzin'kamodzi, ndipo molekyuyo imatembenuzika ngati ambulera pamphepo. Zimayenda bwino pa carbon wosapanikizika, monga wa bromomethane. Mu SN1 bromine amayamba watsika yekha, carbon n'kutsala ndi chaji ya positive, kenako wina n'kudzakhala pampandopo. Izi zimachitika pa carbon wozunguliridwa ndi ma carbon ena atatu, pomwe kumbuyo kulibe podzera. Amene anazilongosola ndi Christopher Ingold ndi Edward Hughes ku London m'ma 1930. Uzakumana nazo ukakafika.

Za ndalama zija, ine ndikuti funa mapepala a mayeso akale a MANEB, aphunzitsi ako ayenera kuti ali nawo, ujambulitse. Peza anzako awiri, osapitirira apo, chifukwa gulu likakula limasanduka bwalo la nkhani za Bullets ndi Wanderers. Aliyense aziphunzitsa anzake mutu umodzi pa sabata, choko m'manja, ngakhale pakhoma la nkhokwe. Patitaimu ulipire pokhapokha ngati mphunzitsiyo akakugwiritsa burette ndi pipette ndi manja ako, upange titration mpaka uone phenolphthalein akusintha mtundu, poti pulakitiko sungaiphunzire ndi makutu. Ngati akukangolembetsa manotsi, amenewo uli nawo kale.

Usiku uno lemba masitepe atatu aja, initiation, propagation ndi termination, koma m'malo mwa methane uyike ethane. Ujambule pepalalo unditumizire pompano, ndikuchongera mawa ndikachoka kudimba.