Timu ikatuluka mu ligi, osewera amapita kuti?

Achimwene mwafunsa kuti timu ikatuluka mu Premier League osewera amathamangitsidwa kapena amakhalabe. Sathamangitsidwa ayi, kontrakiti imakhalapobe, kungoti ambiri mumakhala mfundo yoti timu ikatsika malipiro adulidwa, ndiye odziwika aja amayamba okha kufunafuna kothawira.

Tengani Leicester City ya 2023. Anthu omwe anatenga ligi mu 2016 aja anamaliza pa nambala 18 ndi mapointi 34. Tsiku lomaliza anaichinya West Ham 2-1, masapota ali pa bwalo lawo la King Power maso pa foni kudikira kuti Bournemouth ibweze ku Goodison Park kwawo kwa Everton, poti Leicester ikanapulumuka pokhapokha Everton italephera kupambana, koma Doucouré wa Everton anali atamwetsa kale, Everton n'kupulumuka ndi 36. Zinandiwawa zedi, ngakhale sindine sapota wawo. Kenako Maddison wapita Tottenham, Barnes Newcastle, Tielemans kontrakiti inatha anangonyamuka waulere kupita Aston Villa.

Vuto lalikulu ndi ndalama za TV, ku Championship, ligi yachiwiri komwe timu imatsikira, n'zochepa kwambiri pomwe malipiro a osewera akadali a Premier League. N'chifukwa chake kuli ma parachute payments, ligi imakupatsabe gawo la ndalama zija mpaka zaka zitatu, zikucheperachepera. Komanso kumusiko kulibe chibwana, matimu 24, magemu 46, mwasewera Loweruka Lachiwiri muli m'bwalo kachiwiri.

Ine ndimaona kuti Leicester inachedwa kumuchotsa kochi wawo Rodgers, mpaka Epulo? Dean Smith, yemwe analowa m'malo mwake, anangotsaliridwa magemu 8 basi. Leicester inabwerera mu Premier League mu 2024 ndi kochi Maresca koma 2025 inatulukanso.