Chibwenzi chikatha, n'chifukwa chiyani anthu amathamangira kwa George Jones?

Mlongo wina wandilembera imelo sabata ino. Chibwenzi chake chatha, ndiye akufuna ndimutchulire nyimbo za country zolira chikondi zomwe zimalemekezanso oyimba akale, poti malemu bambo ake ankakonda kwambiri Don Williams. Achemwali, mwandigunda pachilonda.

Ine country ndidaidziwira kwa amalume anga, dalaivala wa lole yemwe ankafika mpaka ku Harare ndi Johannesburg. Akazi awo atalongedza katundu n'kubwerera kwawo, amalume sadanenepo kanthu. Abale akabwera kudzafunsa za banja, yankho linali lakuti zonse zili bwino. Koma dzuwa likangolowa ankakhala pakhonde ndi wailesi ya kaseti, mabatire atawayanika padzuwa tsiku lonse kuti apezeko mphamvu, n'kuika Jim Reeves. Wailesi ikatafuna tepi, ankaisolola pang'onopang'ono, n'kuikulunga ndi bolopeni, lilime lili panja. Jim Reeves adafa pa ngozi ya ndege mu 1964, ife tisanabadwe, koma pakhomo pathu ankatchulidwa ngati munthu woti abwera mawa. Don Williams atakaimba ku Harare mu 1997, amalume adadandaula mwezi wathunthu kuti ulendo wawo sudagwirizane ndi tsikulo. Za akazi awo sadadandaulepo motero.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yanu. Munthu wosiyidwa zimamuvuta kulira m'dzina lake, ndiye amaitana wamkulu kuti amuyankhulire, monga momwe nkhoswe imanenera zomwe mwini banja akulephera kutulutsa pakamwa. Mvetserani Don't Rock the Jukebox ya Alan Jackson, ya mu 1991. Mwamuna ali m'bala, mkazi wamuthawa, ndipo akupempha anzake kuti pa makina oyimba nyimbo aja asaike gulu la rock la Rolling Stones, aike George Jones. Sadangotola dzinalo. Jones ndi yemwe adaimba He Stopped Loving Her Today mu 1980, ya mwamuna yemwe adasiya kukonda mkazi wake wakale tsiku lomwe adamwalira basi. Mwini wakeyo banja lake ndi Tammy Wynette lidatha mu 1975, mowa udamusokoneza mpaka ankajomba ku zoimbaimba zake anthu atalipira kale. Mkazi atamubisira makiyi a galimoto, adakwera makina otchetchera kapinga kupita kukagula mowa. Munthu wotere ukamuitana pa chisoni chako, akudziwa chomwe ukunena.

Vern Gosdin adachitanso chimodzimodzi mu 1988 ndi Set 'Em Up Joe. Mwamuna akubwera m'bala usiku uliwonse kudzabwereza nyimbo imodzi yomweyo, Walking the Floor Over You ya Ernest Tubb, ya mu 1941. Amene adakhalapo pafupi ndi munthu wosiyidwa akudziwa kuti safuna nyimbo khumi. Amafuna imodzi, mpaka oyandikana nawo nyumba aiphunzire osafuna.

Tsono zomwe zimandinyansa ndi za anyamata ena a ku Nashville, kuchimake kwa country ku America, masiku ano, omwe amangomwaza maina, Hank Williams apa, Johnny Cash apo, Willie Nelson pamapeto, kuti tiziti ndi a country eni eni. Umenewo ndi ulesi, ndipo ndikana mpaka kalekale kuti ndi ulemu. Dzina la wamkulu liyenera kugwira ntchito m'nyimbomo. Ngati ungalichotse nyimbo n'kukhala momwemo, lidalowa mwakuba. Bola Taylor Swift, yemwe ali ndi zaka 16 mu 2006 adatulutsa nyimbo yotchedwa Tim McGraw, dzina la woyimba wina wa country. Okonda country yakale amamunyoza, komanso McGraw sadali nkhalamba nthawi imeneyo, koma mtsikanayo adamanga dzinalo pa chikumbutso chenicheni: mnyamata akadzamva nyimbo ya woyimbayo, adzakumbukire iye.

Ndisaiwale Dolly Parton. I Will Always Love You, yomwe idatuluka mu 1974, adailembera Porter Wagoner, mkulu yemwe adamukweza pa pulogalamu yake ya pa TV, pomutsanzika kuti akayime payekha. Ndi nyimbo yosiyana komanso yothokoza wamkulu nthawi imodzi. Ndidaimva pa ukwati wina, ya Whitney Houston ija, akwati akuvina monyadira nyimbo yotsanzikana. Ndidangoyang'ana pansi.

Zoti mumvere

Yambani ndi ya Gosdin, kenako ya Jackson. Onjezani Record Year ya Eric Church, ya mu 2016, ya mwamuna wosiyidwa yemwe akudzichiza ndi malekodi akale a George Jones, Waylon Jennings ndi Willie Nelson. Za bambo anu, Don Williams amatchula Hank Williams mu Good Ole Boys Like Me, koma imeneyo ndi yokumbukira ubwana, si yosiyana. Yolira chikondi ndi Some Broken Hearts Never Mend ya mu 1977. Imeneyo musaimvere foni ili m'manja, mungamuimbire munthu uja.